Chitsulo Chimene Ndinaviika M'madzi

Lusiya mwana wanga,

Lelo galaji sindinatsegule. A Tembo anabwela kudzafunsa za motoka yawo, ndinawauza kuti abwele Lolemba, ndipo tsopano ndasuntha masipanala pa benchi, ndakhala pansi, ndikulemba. Mailo m'mawa ukwela basi ya ku Lusaka kukayamba sukulu ya umakaniko. Atate ena akanakukhazika pansi n'kukuuza kuti uzipemphela, uzidya bwino, usamatengeke ndi anyamata a m'tauni. Zimenezo umazidziwa kale, sunandivutitsepo nazo. Ine ndili ndi nkhani ina, ndipo pakamwa panga ndi pamantha, umandidziwa. Kalatayi ndikupatsa tikatha kudya. Uiwelenge lelo lomwe, usayembekeze kukafika.

Lamulungu lapitali ndinakuuza kuti upite ku Minga ukatsazike amalume ako, a Daka, mlongo wawo wa amayi ako. Kwa amayi ako mwana sapita kutali amalume ake asanam'dalitse. Unandiyankha ukupukuta manja ndi kansanza, osandiyang'ana n'komwe: "Atate, chidakwa chimene chinapha amayi anga ine sindingachigwadile." Sindinakukalipile, ndipo mwina unayesa ndagwilizana nawe. Ayi, sizinali choncho. Amalume ako sanaphe amayi ako, Lusiya. Mlandu umene wakhala ukuwasenzetsa kuyambila uli wamng'ono ndi wanga. Sindifuna kuti uchoke mu Petauke ukudana ndi munthu wosalakwa, choncho ndikuuza zonse, chimodzichimodzi, mmene zinachitikila. Popeza ukupita kukaphunzila ntchito yangayi, malangizo onse amene ndili nawo ali m'nkhani yomweyi.

Kamotoka kofiila kali kuseli kwa galaji, kamene umanena kuti udzakadzutsa ukamaliza sukulu, ndinakagula iwe uli m'mimba. Kanali ka mphunzitsi wina wopuma ntchito ku Nyampande. Iye atamwalila kanakhala pansi pa mtengo zaka zingapo, nkhuku zikuikila mazila pa mpando wakumbuyo. Kamotoka kakale, ka zitseko ziwili, ka mphuno yaifupi, kazitsulo zochindikala zimene masiku ano sapanganso. Kainjini kake kanali kakang'ono, koti amuna awili amakanyamula ndi manja. Ndinakakonza, kanadzuka, ndipo kankayenda bwino, mwa pang'onopang'ono, osadya mafuta ambili. Amayi ako ankakakonda. Ankakatsuka okha Loweluka, ndipo ndi komweko kamene kanawatengela ku chipatala tsiku limene unabadwa. Kanalibe vuto lililonse. Vuto linali ndi mwini wake.

Kulakwa kwanga koyamba kunali manyazi. Tsiku lina tikupita ku Nyimba ndi matumba atatu a nsawa, kamotoka kanalephela chitunda. Amayi ako anatsika, anamangila chitenje m'chiuno, n'kuyamba kukankha. Minibasi inatipeza pomwepo, kondakitala anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Amakaniko, gulani abulu!" Anthu onse m'basimo anaseka. Amayi akonso anaseka mpaka kukhala pansi m'mbali mwa msewu, akupukuta misozi, akuti mnyamatayo wakamba zoona, abulu sadya petulo. Ine sindinaseke. Mawu aja ndinagona nawo, ndinadzuka nawo, ndipo ndinalumbila mumtima kuti kamotoka aka kadzapitilila minibasi iliyonse pa chitunda chomwecho. Lusiya, usadzagwile sipanala chifukwa choti wina wakuseka. Kumene ukupitako adzakuseka ndithu, poyamba chifukwa ndiwe mkazi pakati pa amuna, kachiwili chifukwa cha kakambidwe kathu ka kuno. Aleke aseke, kuseka sikuthyola fupa. Ine kondakitala uja sindinam'dziwe dzina, sindinamuonenso, koma ndinagwila ntchito miyezi iwili pofuna kuyankha iye.

Kulakwa kwachiwili, ndinakonda injini ndisanayese malo oiika. Ku Nyimba kunagubuduzika motoka ina yonyamula katundu, thupi lonse linaphwanyika koma injini inatsala yabwino, yaikulu, ya mapisitoni sikisi pamene kathu kanali ndi anayi chabe. Nditangoimva ikulila, mutu unasiya kugwila ntchito. Ndinaibweletsa pa lole. Agogo ako a Zuze, atate anga, anali adakali moyo. Iwo anali fitala, wokonza makina a njanji, ku Mozambiki tisanathawe nkhondo, ndipo ngakhale maso anali atachita khungu, ankakhala pa mpando pa khomo la galaji tsiku lonse akumvetsela ntchito ndi makutu. M'thumba ankayenda ndi chingwe cha mfundo chimene ankayesela chilichonse. Anandifunsa, "Fulansisiko, malo wayesa?" Ndinati, "Ndayesa, Pai," mmene tinkaitanila atate ku Mozambiki. Anati, "Ndi chiyani?" Ndinati, "Ndi maso." Anatulutsa chingwe chija n'kundilozetsa, nati, "Maso ako ali ndi njala, sangayese bwino." Sindinachilandile. Injini ija inakhala ili lende pa tcheni m'mtengo wa mango masiku anayi, ndikuitsitsa, ikukana, ndikuikweza, ndikuipendeketsa, ikukanabe. Inali yaitali kuposa malo ake ndi chikhatho chonse, ndipo pansi inali yakuya. Uziyesa, mwana wanga. Uziyesa m'litali, m'lifupi ndi kuya komwe, uzilemba papepala, ndipo pepala likakana iwenso ukane. Tsiku lachinayi ndikanatha kuibweza ku Nyimba, koma anthu anali ataiona kale ili lende pamenepo.

M'malo mobweza, ndinayamba kusuntha zinthu. Khoma lachitsulo limene limagawa injini ndi mapazi a anthu ndinalimenya ndi nyundo yaikulu mpaka linalowa m'kati. Ladiyeta ndinaikankhila kutsogolo mpaka inagunda mphuno. Batile linasowa pokhala, ndinalipititsa ku buti. Ekizozi ndinaidula katatu. Chilichonse chimene ndinasuntha chinakankha chinzake, ndipo chinzakecho chinakankhanso china. Amayi ako anabwela ndi tiyi masana ena, iwe uli kumsana, anasuzumila m'boneti nthawi yaitali, kenako anati, "Atate a Lusiya, apa mwabweletsa mkazi wachiwili wonenepa m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Aliyense asunthe, mpaka mwini nyumba akagone panja." Ndinawauza kuti za zitsulo sazidziwa. Anati, "Za zitsulo sindidziwa, koma za nyumba ndidziwa," n'kundisiyila tiyi pa tayala. Kumbukila ichi: amene anapanga motoka anaika chinthu chilichonse pamalo ake ali ndi chifukwa. Sindikuti usamasinthe, ntchito yathu kuno ndi yosintha, chifukwa zitsulo zoyenela sitizipeza. Koma usanasunthe chinthu, udzifunse kuti chikasuntha chikakankha chiyani. Ine funso limenelo ndinkalifunsa nditamenya kale nyundo.

Injini itakhala pansi pomaliza, panatsala vuto limodzi. Sampu yake, mphika wa oyilo uja wa kunsi, inkagunda tayilodi. Tayilodi umaidziwa, ndodo yachitsulo imene imakankha matayala akutsogolo ukapotoza chiwongolelo. Ikaduka, chiwongolelo chimangozungulila m'manja ndipo motoka imapita kumene yafuna. Njila yolondola ndinkaidziwa bwino. Ndikanakweza injini pang'ono, muyeso wa zala ziwili, n'kuboola boneti kuti mutu wa injini upeze malo, n'kuwotchelelapo chigamba chotukuka pamwamba. Ntchito ya masiku awili chabe. Koma chigamba pa boneti ine sindinachifune. Ndinkafuna kuti kunja kazioneka kamotoka kakale komwe kaja, kofatsa, kuti wondiseka adzaseke kaye kenako adzadye fumbi. Ndinasunga kukongola kwa pamwamba n'kupita kukakhudza chinthu cha pansi chimene munthu sachiona.

Ndinamasula tayilodi ija, ndinayatsa gasi, ndinaiwotcha pakati mpaka inafiila, n'kuipinda pa chidutswa cha njanji kuti izilambalala sampu. Agogo ako anandiphunzitsa ndisanamele ndevu kuti chitsulo cha chiwongolelo ndi cha mabuleki sichilawa moto. Sindinganame kuti ndinaiwala. Ndipo ngati kuti kulakwa kumeneko sikunakwane, pofuna kumanga tsiku lomwelo, ndinachiviika m'dilamu ya madzi kuti chizizile msanga. Chitsulo chofiila ukachiviika m'madzi chimalimba, koma chimasiya kupilila, chikagundidwa sichipindika, chimangothyoka. Madzi analila, nthunzi inakwela. Agogo ako anatembenuza mutu pa mpando wawo.

"Chalila m'madzimo n'chiyani?"

"Kachitsulo kogwila ekizozi, Pai."

Anati, "Chalila ngati chitsulo chachikulu."

Ndinayamba kumenya nyundo pa benchi kuti ndisamve zina. Limenelo ndilo linali bodza langa loyamba pa nkhani imeneyi, ndipo linatuluka mosavuta, mpaka lelo ndimadabwa nalo. Mwana wanga, tsiku limene udzaone kuti ukubisila munthu wodziwa ntchito chimene manja ako achita, ika zida pansi, usapitilize. Usadzadikile kuti chitsulo chikuuze, mtima wako udzakhala utakuuza kale. Ndinamanga tayilodi ija ikadali yofunda, ndipo inadutsa pansi pa sampu bwinobwino osagunda.

Kulakwa kwina, ndinayesela motoka pa tala pokha. Ndinapita nako ku Nyimba n'kubwelako katatu. Sindikubisa, ndinasangalala ngati mwana. Pa chitunda chija ndinapitilila minibasi ziwili, ndikuimba hutala, anthu akutembenuka kufuna kudziwa kuti kachiyani kadutsa. Ku msika amuna ankandiimitsa kuti nditsegule boneti, akaona mmene injini yadzazila m'menemo, popanda polowetsa dzanja, ankagwedeza mitu n'kumati a Fulansisiko ndi mfiti ya zitsulo. Dzina limenelo linandikomela. Koma tala ndi wosalala, sagwedeza chitsulo, ndipo injini yolemela ija inali itapanikiza kutsogolo konse. Anthu athu sakhala pa tala, Lusiya. Amakhala ku Sandwe, ku Nyampande, kumene msewu umamenya motoka kuyambila m'mawa mpaka madzulo. Motoka uziiyesela pa msewu umene ikakhalepo, ndipo woyamba kukhala pa chiwongolelo pa msewu woipawo uzikhala iwe amene wamanga. Ine pa msewu wafumbi kamotoka kaja sindinakayendetsepo ngakhale tsiku limodzi.

Tsopano ndafika pa tsiku limene sindinakuuzepo bwino. Kunali mwambo woika mwala pa manda a azakhali awo a amayi ako ku Sandwe. Tinayenela kupita tonse, ine ndikuyendetsa. M'mawa wa tsikulo kunafika thilakita yofunika kukonzedwa mvula isanagwe, ndipo ndinati nditsale, makiyi ndinapatsa amalume ako. A Daka amene iwe umawadziwa si amene analipo nthawi imeneyo. Ankayendetsa lole yonyamula thonje, dalaivala wodekha, wosalawa mowa, woimba kwaya ku tchalitchi. Iwe unali ndi zaka zitatu, unali ndi chifuwa, unatsala ndi ine. Amayi ako anakhala kutsogolo, ndipo pa mpando wakumbuyo tinaikapo zigubu zinayi za mowa wamasese wa ku mwamboko. Ponyamuka anatulutsa mutu nati, "Mwanayo mum'patse mankhwala masana, musaiwale ndi thilakita yanuyo." Amenewo ndi mawu awo omaliza kwa ine. Pa kona ina yotsetseleka kupita ku mtsinje, kamotoka kanakana kukhota, kanalunjika mumtengo. Amayi ako anamwalila pomwepo. Amalume ako mwendo unaphwanyika. Zigubu zija zinaphulika, mowa unawathila thupi lonse, ndipo anthu oyamba kufika anamva fungo lokhalo. Pofika madzulo Petauke yense ankadziwa kuti a Daka anayendetsa ataledzela.

Kutacha ndinapita ndekha ndi thilakita ija, imene ndinali nditaikonza, kukakoka kamotoka. Ndisanamange tcheni ndinagona chagada m'fumbi n'kulowa pansi, chifukwa mtima unali utandiuza kale chimene ndikapeze. Tayilodi inali itathyoka pa malo enieni amene ndinapinda. Sinapindike ngati chitsulo chimene chagundidwa ndi mtengo, inaduka mwaukhondo, pothyokapo poyela, pa timibulu ngati shuga. Makaniko aliyense akanangoyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti inathyoka motoka isanagunde. Ndinagona pansi pamenepo nthawi yaitali. Kenako ndinatenga sipanala, ndinamasula zidutswa zonse ziwili, ndinazikulunga m'shati, ndipo pobwela ndinaziponya mumtsinje ndili pa mlatho. Kutsogolo kwa motoka kunali kutaphwanyika kwambili, chitsulo chimodzi chosowa palibe anachifunsa. Amati choipa chitsata mwini. Changa chinandilambalala n'kukagwela mkazi wanga ndi mlamu wanga, ndipo ine ndinachithandiza kuti chisandipeze. Kuwotcha chitsulo kunali kupusa, Lusiya, koma kuchiponya m'madzi kunali kuipa mtima, ndipo ziwilizi usadzazisokoneze. Makaniko aliyense amalakwitsa, nawenso udzalakwitsa. Ukalakwitsa, chitsulo chothyokacho uzichinyamula m'manja n'kupita nacho wekha kwa mwini wake, tsiku lomwelo, chifukwa tsiku lachiwili chimalemela kuposa loyamba.

Malilo atatha, abale a amayi ako anakhala pansi ku Minga. Mwa mwambo wawo mwana ndi wa kuchikazi, ndipo ambili ankafuna kuti utsale kumeneko uleledwe ndi amayi ako aang'ono. Amalume ako anawabweletsa pa ngolo kuchokela ku chipatala, mwendo uli m'chikhakha. Mkulu wa banja anawafunsa pamaso pa onse, "Kodi munamwa?" Iwo anangowelamitsa mutu. Anawafunsanso, sanayankhe. Ine ndinali pomwepo, pa mphasa, iwe uli pa miyendo panga ukuseweletsa batani la shati yanga. Ndikanangotsegula pakamwa. Koma ndinadziyang'ana: mkamwini wobwela, wochokela kutsidya kwa malile, wopanda mudzi, amene wapha mwana wawo ndi manja ake. Ndinadziwa kuti ndikakamba, ndibwelela ku Petauke wopanda mkazi, wopandanso mwana. Ndinakhala chete. Pa msonkhano wonsewo amalume ako anakamba mawu amodzi chabe, anati, "Mwanayo asiyileni atate ake." Ndipo chifukwa banja linali ndi manyazi kuti mwana wawo yemwe ndiye wandiphela mkazi, palibe anatsutsa. Anandipepesa, Lusiya. Anthu akuluakulu anandigwila m'manja n'kundipepesa, ine ndikulandila. Madzulo ake ndinakwela nawe basi kubwelela kunyumba.

Zotsatila zake waziona ndi maso ako, koma sunadziwe chimene ukuona. Ntchito ya udalaivala inawathela. Ku kwaya anasiya kupita chifukwa anthu ankasuntha pa benchi. Mkazi amene anam'tomela anabweza mawu. Patapita chaka anayamba kumwadi, ndipo aliyense anati mwaona, tinkanena. Agogo ako a Zuze anamwalila chaka chomwecho, ndipo kuyambila tsiku la ngozi mpaka imfa yawo sanakhalenso pa khomo la galaji. Sanandifunse kanthu, inenso sindinawafunse chifukwa chake. Ukukumbukila tsiku limene unakhoza mayeso a giledi seveni? Amalume ako anabwela ndi nkhuku, atayenda ndi ndodo yawo kuchokela pa siteshoni, ali bwinobwino osamwa. Iwe unathawila kuseli kwa nyumba, unakana kutuluka. Iwo anakhala pa mpando ola lonse, anandisiyila nkhuku, anapita. Nkhukuyo tinadya. Chaka chilichonse ndinkati ndikuuza ukakula pang'ono, ndipo chaka chilichonse unkandiyang'ana ndi maso aulemu amene ndinkaopa kuwataya. Usadzalole kuti ulemu umene anthu akukupatsa ulipilidwe ndi munthu wina, mwana wanga. Ine ndadya ulemu wako zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo sunandikhutitse tsiku ndi limodzi lomwe.

Za kamotoka kaja, ndikako, uchite nako chimene ufuna. Ukafuna kukadzutsa, injini yaikuluyo uichotse. Kainjini kake kenikeni kali pansi pa benchi ino, ndinakakulunga m'matumba, ndipo chaka ndi chaka ndimakathila oyilo m'mapisitoni kuti kasagwile dzimbili. Khoma limene ndinamenya uliwongole, ladiyeta ibwelele pamalo ake, tayilodi ugule ina yosalawa moto. Kadzayenda pang'onopang'ono, ndipo pa chitunda cha ku Nyimba mwina udzatsika n'kukankha. Palibe choipa pamenepo.

Chimene chanditsekeletsa galaji lelo ndi ichi. Mawu ako a Lamulungu aja sanandigonetse sabata yonse, ndipo m'mawa uno, iwe utapita ku msika kukagula zotsala za ulendo, ndinakwela minibasi kupita ku Minga. Amalume ako ndinawapeza ku dimba, akuthilila tomato, dzanja lina lili pa ndodo. Atandiona anaima.

"Alamu, kwagwanji? Mwalawila ngati wonena malilo."

Ndinalephela kukhala pansi. Ndinangoima pa mzele wa tomato n'kukamba zonse, za moto, za madzi, za mlatho. Ndinati, "Alamu, tsiku lija simunalakwe. Chitsulo chinathyoka, ndipo amene anachiononga ndine."

Anapitiliza kuthilila mpaka madzi anatha m'chitini. Kenako anati, "Ndimadziwa."

Ndinakhala pa dothi lonyowa.

Anati, "Chiwongolelo chinapepuka m'manja mwanga tisanafike pa kona. Ndinachizunguliza chonse, matayala osamva. Dalaivala amadziwa, alamu. Ndipo ndili m'chipatala ndinamva kuti munakakoka motoka m'mamawa muli nokha. Ndinaphatikiza."

Ndinati, "Nanga bwanji simunakambe, pamene anakufunsani pamaso pa anthu?"

Anati, "Ndinakuyang'anani pa mphasa paja, mwana ali pa miyendo panu. Mwana wa mlongo wanga anali atataya mayi. Ndinati asatayenso tate sabata yomweyo. Ine mwendo unali utapita kale, ndikanamulela ndi chiyani? Inu manja munali nawo."

Ndinawafunsa za mowa. Anaseka pang'ono nati, "Anthu atandisokela malaya, ndinangowavala. Mlandu umenewo musausenze, ndinayamba ndekha." Kenako anandifunsa za iwe. Anati amva kuti umamasula giyabokosi wekha, kodi n'zoona? Nditavomela, anagwedeza mutu, nkhope yonse ikuwala, nati, "Wamakani ngati mayi wake." Anafunsa ngati nsapato uli nazo zabwino, ngati kumene ukagoneko kuli chitseko chokhoma. Ndikutsazika anandigwila pa mkono mwamphamvu.

"Alamu, musamuuze. Apite ku sukulu ali ndi atate amene amawalemekeza. Ine ndinazolowela."

Ndinanyamuka. Zaka zonsezi ndakhala ndikubisala kumbuyo kwa chete wawo chifukwa ankandikomela, ndipo lelo anandipatsanso wina woti ndibisalemo mpaka imfa. Chete ameneyo ndinam'kana m'minibasi pobwela. Munthu ameneyu anapeleka mwendo, ntchito, dzina, ndi mwana yekhayo wa mlongo wake kuti iwe ukule uli ndi tate, ndipo ndiwe wekha amene ungawabwezele kanthu.

Basi ya mailo imaima pa Minga. Utsike, Lusiya. Ina idzakupeza masana, ndipo sukulu siyamba mpaka Lolemba. Ukawapeza ku dimba kapena pa khonde, mwina adzakhala atamwa, mwina ayi, zimenezo usaziyang'ane. Ukagwade monga mwana wa mlongo wawo, ukawauze kuti ukupita, akakudalitse. Sufunika kukamba zambili, akakuona chabe adzadziwa kuti sindinawamvele.

Za ine uganiza wekha, ndipo sindikufulumiza. Ukafuna kukhala osandiimbila foni mwezi, kapena chaka, sindidzadandaula kwa munthu. Ndakukonda kuyambila tsiku limene unabadwa, chimenecho chokha si bodza, ngakhale kuti ndinakusunga ndi bodza. M'mawa ndidzadzuka msanga, ndidzakhala panja pa khomo. Ukatuluka n'kundipatsa chikwama, ndidzakunyamulila mpaka pa siteshoni. Ukachinyamula wekha, ndidzamva.

Ndine atate ako,
Fulansisiko